Tikufuna Mwana Kapena Tikufuna Mfiti?

Anzanga a pabwalo lino, sabata ino ndabwera ndi mkwiyo, ndiye ngati ndingakupondeni chala mundikhululukiretu. Ndiyambe ndi funso. Mbuzi ikabedwa usiku kwanu kumudzi, pamatenga nthawi yaitali bwanji kuti amuna adzuke, atenge zibonga ndi matochi nkuyamba kulondola mapazi? Yankho mukulidziwa. Mwini khola akangokuwa, mudzi wonse uli panja. Palibe amati tidikire kuche, palibe amati tikaombeze kaye. Nanga bwanji mwana akasowa timayamba ndi kukhala pansi nkumafunsana kuti wachita zimenezi ndani?

Zaka ziwiri zapitazo, m'mwezi wa February, mwana wa mlongo wanga anasowa. Ndi wamkazi, panthawiyo anali ndi zaka 4. Kwathu ndi kumapiri a m'chigawo chapakati, komwe kuti ukafike pa msewu wa tala umayenda maola awiri wapansi, ndipo dzinja likafika ngakhale wakabaza wa njinga yamoto amayamba wadandaula asanakukweze. Mayi ake analawira kuchigayo poganiza kuti mwana watsala ndi agogo ake. Agogo ake anali kumunda kukabandira, akuganiza kuti mwana wapita nawo kuchigayo. Mapanga awiri avumbwitsa. Zinadziwika kuti mwana palibe nsima yamadzulo itapakulidwa, mbale yake nkusowa mwini.

Maola amene anatayika masanawo sindiimba nawo mlandu munthu. Zimachitika pakhomo lililonse lomwe mwana amaleredwa ndi manja ambiri. Mkwiyo wanga uli pa zomwe zinachitika kuyambira pamenepo.

Poyamba anthu anati dekhani, mwina ali kwa azakhali ake tsidya lija. Anatuma mnyamata, nkubwerako chimanjamanja. Kenaka anati tikauze amfumu, koma amfumu anali kumaliro mudzi wina, ndipo palibe analimba mtima kuimba belu la kutchalitchi popanda mawu awo. Itakwana cha m'ma 8 koloko, wina anaponya mawu omwe anaononga usiku wonse: "Mwana sasowa chisawawa. Apa pali munthu." Basitu. Amuna atatu amphamvu anatenga matochi awiri owala bwino ndi njinga yamoto yokhayo ya m'mudzimo, ulendo wa kwa sing'anga. Anabwerako pakati pa usiku ndalama atasiya konko, atanyamula uthenga woti mwanayo wabisidwa ndi mayi wachikulire wokhala kumadzulo kwa mudzi. Ndiuzeni, ndi mudzi uti m'Malawi muno womwe ulibe mayi wachikulire kumadzulo kwake? Kwathu analipo, wamasiye, wokhala yekha. Anyamata omwe akanayenera kukhala m'minda akuunika m'mizere anakazinga nyumba yake, kumugubuduzira miphika, kumukokera panja, nkumutenthera nkhokwe. Mvula inayamba moto uja usanazime.

Ine malume ake ndinali ku Lilongwe, ndipo musaganize kuti ndikudziyeretsa. Foni itandipeza, chinthu choyamba chomwe ndinachita ndi kuika chithunzi chake pa Facebook. Chithunzicho chinali chakale, ali ndi zaka 2, chifukwa china panalibe. Pomwe kumacha anthu anali atasheya kosawerengeka. Makomenti anali mbwee: Ambuye alowererepo, zausatana izi, masiku otsiriza, Ameni. Mtima wanga unapepuka ngati ndachita kanthu. Koma mwa anthu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kuponda m'munda wa chimanga wa kwathu usiku umenewo. Ku polisi komwe ndinaimba anandiyankha mwaulemu ndithu, koma anati galimoto ilipo imodzi ndipo ilibe mafuta. Apolisi awiri anafika mawa lake dzuwa litakwera, pa kabaza yemwe tinalipira ife.

Mwanayo anapezeka masana ake, dzuwa litapendeka. Anamupeza ndi kamnyamata koweta mbuzi, komwe palibe anakafunsa kanthu chiyambire. Anali m'chigwembe kuseri kwa munda wina, pambali pa njira ya kuchigayo, mtunda wosakwana kilomita imodzi kuchoka pakhomo. Anatsatira mayi ake, nkusokera m'chimanga, nkuterereka, mwendo nkuthyoka. Atachira tinamufunsa ngati anamva anthu usiku uja. Anati anamva, koma anakhala chete, poti mawuwo anali a amuna okalipa, ndipo agogo anamuuza kuti woitana dzina lako usiku osamuyankha, ndi mfiti. Anagona m'chipatala sabata ziwiri ndi chibayo. Ali moyo, chaka chino wayamba sitandade 1. Koma tisanamizane, abale. Mwana uja anapulumuka mwamwayi, nzeru zathu sizinathandizepo kanthu.

Sindikunena kuti kufunafuna mwana kumudzi nkophweka. Inu obadwira m'tauni mwina mumaganiza kuti nkungoyenda mukuitana dzina. Pitani kwathu mu February mukaone. Chimanga chimapitirira munthu wamkulu, ndipo mwana akangolowamo masitepe asanu, wazimirira. Tsekera m'mbali mwa njira amafika m'khosi. Mvula ya mphindi khumi imafafaniza phazi lililonse. Kamtsinje komwe m'chilimwe umalumpha kamasanduka chilombo. Kudimba kuli zitsime zosavundikira, kuseri kwa nyumba kuli maenje omwe tinakumba poumba njerwa, adzaza madzi, ndiponso zimbudzi zakale zogumuka zomwe udzu wabisa. Mdima ukagwa ndi mdima weniweni, tochi yake ndi ya pafoni, batire yake yomwe unatchajitsa dzana pa tredingi. Netiweki umachita kuikwerera pachulu. Ndipo musaiwale kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, 84 amakhala kumudzi. Moyo umenewu ndiye wa ana ambiri a dziko lino.

Kumbukirani 10 June 2024. Ndege ya asilikali yomwe inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, malemu Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 inasowa m'mawa. Panali asilikali, apolisi, boma lonse ndi maso a dziko lonse, komabe inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Sindikutchula izi kuti nditokose bala. Ndikufuna muone kukula kwa tchire. Ngati chitsulo chachikulu chotero chinabisika m'mitengo ndi m'chifunga usiku wonse, kuli bwanji kamwana kofika m'chiuno, kovala diresi lofiirira ngati dothi?

Ndiye poti ntchitoyo ndi yovuta kale, mphindi iliyonse ndi yamtengo wapatali, tochi iliyonse ndi yofunika, mwendo uliwonse uyenera kukhala m'tchire. Apa ndi pomwe ndikukanganirana nanu. Zinthu zochepa zomwe tili nazozo timazimwaza pofunafuna wolakwa m'malo mofunafuna wosowa.

Anthu omwe ntchito yawo ndi kusaka osochera anaphunzira kalekale mmene ana amachitira akatayika. Robert Koester wa ku America anasonkhanitsa nkhani zambirimbiri zotere m'buku lake la 2008 lotchedwa Lost Person Behavior, ndipo zomwe akatswiriwa amaphunzitsa sizachilendo kwa mlenje aliyense wa kwathu. Mwana wamng'ono kawirikawiri sapita kutali ndi pomwe anaonekera komaliza. Akatopa kapena kuzizidwa amalowa penapake pobisika, pansi pa chitsamba, m'dzenje, m'chisakasa, nkugona. Nthawi zambiri sayankha akamaitanidwa, chifukwa cha mantha kapena poopa kukwapulidwa. Ndiye umayamba ndi pamadzi, kenaka pafupi, nkumafutukula pang'onopang'ono, ukusuzumira paliponse pomwe mwana angakwane. Umasiya nthawi yokhala chete nkumvetsera. Umafunsa ana anzake modekha, poti ndiwo amaona zomwe akulu saona. Kwathu kuja ana awiri anamuona akulowera njira ya kuchigayo, koma atamva akuluakulu akukamba za ufiti anatseka pakamwa. Inu mukanakhala mwana mukanayankhula?

Mudzifunse chifukwa chake mfiti imatikoka mtima kuposa chigwembe. Ine ndikuganiza kuti ndikudziwa. Kufufuza m'tchire nkotopetsa, kumanyowetsa, ndipo kumathero kwake ukhoza kupeza kuti wolakwa ndi iwe wemwe: chitsime chija sunavundikire, dzenje lija sunakwirire, mwana uja sunamuyang'ane. Mfiti imatichotsera katundu ameneyu. Imapatsa tsoka nkhope, ndipo nkhopeyo nthawi zonse imakhala ya munthu wopanda womuteteza. Simudzamva kuti ula wagwera mwini golosale kapena mwana wa amfumu. Umagwera gogo wopanda ana aamuna pafupi, makamaka ngati ali ndi kadimba kachonde komwe ena akukasirira. Mu January 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe, mphenzi itapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inasesa Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo a United Nations anachita kuchotsa antchito awo m'maboma ena. Anamapopawo palibe anagwirapo ndi mmodzi yemwe. Lamulo la zaufiti la 1911, ngakhale ndi lachitsamunda ndipo ambiri amalinyoza, limanena kuti kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Usiku uja kwathu mlandu unapalamulidwa umodzi wokha, ndipo anaupalamula ndi omwe amati akufuna mwana.

Ndikudziwa zomwe ena mwayamba kale kulemba m'munsimu. Mukuti, aise, usatipusitse, ana amabedwadi m'dziko muno. Zoona, amabedwa. Mu June 2016 bungwe la Amnesty International linalengeza kuti kuyambira November 2014 anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'Malawi, ena asanu atasowa osapezeka, ndipo ena mwa iwo anali ana. Makolo a ana amenewa mantha awo si ongopeka. Koma taonani omwe amapezeka kuti ndiwo achiwembu. Pa mlandu wa mnyamata wachialubino wa ku Machinga yemwe anaphedwa mu 2018, omwe khoti lalikulu linawapeza olakwa mu 2022 pa milandu yokhudza imfayo munali wansembe, wapolisi, wachipatala ndi mchimwene wake weniweni wa malemuyo. Anthu a mafoni, a maudindo, odziwa njira. Munthu woba mwana sauluka pa lichero. Amayenda ndi miyendo, amakwera njinga yamoto, amadutsa pa mlatho, amaoloka malire. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo omwe ukangodumpha msewu wa M1 uli m'Mozambique. Ndiye ngati mukukhulupiriradi kuti mwana wabedwa, ola lomwe mukutaya kwa sing'anga ndi lomwe wakubayo akuolokera. Munayenera kuimbira polisi, kutseka njira, kuchenjeza akabaza onse ndi mafumu oyandikana nawo. Komanso tinene mosapsatira: msika wa ziwalo za anthu unayambitsidwa ndi chikhulupiriro chomwechi, choti pali mankhwala obweretsa chuma. Kupita kukaombeza mwana akasowa kuli ngati kukafunsa njira kwa fisi mbuzi itasowa.

Ena mukuti ndikunyoza pemphero. Ayi ndithu. Mlongo wanga anapemphera usiku wonse ndipo sindikanamuletsa. Koma pemphero silifuna mpando. Pempherani mukuyenda, tochi ili m'manja. Ameni wa pa Facebook wolemba munthu ali m'bulangete ku Area 25 sanaunikepo mzere wa chimanga ndi umodzi womwe. Ngati muli kutali ndipo mukufunadi kuthandiza, tumizani ya mafuta, tumizani mayunitsi, imbirani munthu wa m'deralo yemwe ali ndi njinga. Ndipo chonde lekani kulemba kuti mwamva kuti ndi uje wachita. Komenti yotero imafika kumudzi pa WhatsApp mwachangu kuposa apolisi, ndipo ikafika imasanduka machesi.

Ena mukuti vuto ndi boma, ndipo apa ndikugwirizana nanu theka. Nzochititsa manyazi kuti banja losauka lomwe mwana wake wasowa lizisonkha ndalama ya mafuta a galimoto ya polisi. Wapolisi amene ndinayankhula naye sindimuda, iyenso anali womangika manja. Koma nthawi ya kampeni magalimoto akuluakulu amafika kwathu, matope kapena ayi, kudzagawa nsalu ndi malaya. Msewu womwewo umakhala woipa pokhapokha wosowayo akakhala mwana wa mlimi. Tili ndi lamulo loteteza ana la 2010, tili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, koma lamulo lopanda mafuta limathera pa tala. Aphungu athu tiziwafunsa zimenezi maso ndi maso. Komabe ngakhale polisi itakhala ndi magalimoto khumi, siingafike kwathu mdima usanagwe. Maola oyambirira, omwe ndiwo amapulumutsa mwana, ali m'manja mwa mudzi. Ndipo bodza lija loti umayenera kudikira maola 24 usanakanene ku polisi tinalitola m'mafilimu. Mwana akasowa kaneneni pompo. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndi yothandiza ana, isungeni m'foni.

Tsono ena mudzati uyu wakhalitsa m'tauni, wayamba kunyoza chikhalidwe. Imani kaye. Chikhalidwe chomwecho ndi chomwe chikundipatsa umboni woti tingathe. Taonani zomwe zimachitika munthu akamwalira. Pasanathe maola awiri uthenga wafika midzi isanu. Amfumu akudziwa chochita, akakhala kulibe nduna zawo zikudziwa. Adzukulu akudziwa nthawi yolawirira kumanda, ndipo makasu ndi mapiki amapezeka. Amayi akudziwa wotunga madzi ndi wotola nkhuni, ufa ukusonkhedwa khomo ndi khomo, masamba aikidwa pamsewu, wolemba chipepeso wakhala kale pansi ndi kope lake. Palibe komiti ya boma inatiphunzitsa zimenezi, palibe bungwe linatipatsa alawansi. Mudzi wa Amalawi ndi katswiri pa dongosolo. Funso langa ndi lakuti, bwanji dongosolo lonselo timalisungira munthu yemwe wapita kale? Mwana uja akanapezeka atafa, mudzi wathu ukanamuchitira zonse mwaulemu ndi mwachangu, popanda wosokoneza. Ali moyo m'chigwembe, akunjenjemera ndi mvula, tinasowa woimba belu. Zimenezi sizikukupwetekani?

Zomwe ndikupempha sizofuna ndalama za azungu. Mudzi uliwonse ugwirizane pabwalo, kusanagwe vuto, kuti mwana akasowa aliyense ali ndi ufulu woimba belu kapena wezulo, amfumu alipo kapena kulibe, ndipo mwanayo akapezeka ali kwa azakhali ake, woimbayo asasekedwe. Kuli bwino kudzutsa mudzi pachabe kakhumi kusiyana ndi kuchedwa kamodzi. Pakhale munthu mmodzi wogawa magulu, wodziwa kuti awa apita kumtsinje ndi kuzitsime, awa m'minda ya kum'mawa, awa njira ya kuchigayo, kuti tisapondeponde malo amodzi kasanu kwina osafikako. Oyenda m'chimanga ayende mondondozana, mzere ndi mzere, ngati pokolola. Oitana akhale mawu omwe mwanayo amawadziwa, mayi ake, mkulu wake, ndipo aziitana mwachikondi, akumuuza kuti sakwapulidwa. Abusa a ziweto, osodza, otola nkhuni ndi ana afunsidwe poyambirira, chifukwa tchire amalidziwa ndi iwowo. A chitetezo cha m'mudzi akhale ndi nambala ya polisi, ya akabaza ndi ya mafumu oyandikana nawo. Ndipo pakhale lamulo limodzi lolimba: mpaka mwana atapezeka, wotchula dzina la munthu kuti ndi mfiti alipe mbuzi. Ali ndi umboni weniweni akaupereke kwa apolisi, osati kwa anyamata a zibonga.

Palinso za pakhomo. Mvula isanayambe tivundikire zitsime, tikwirire maenje a njerwa. Pochoka pakhomo tizinena ndi pakamwa kuti mwana ndamusiya ndi inu, winayo nkuvomera. Mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe ndi wabwino, koma tisaulole kusanduka chifukwa choti aliyense aziganiza kuti wina akumuyang'ana. Tiwaphunzitse ana kuti ukasochera khala pomwepo, ukamva dzina lako yankha, kaya ndi usiku. Nthano zoopseza zomwe timawauza kuti asamayende usiku zija, mwana wa mlongo wanga anazimvera bwino lomwe, ndipo zinatsala pang'ono kumupha.

Inu amene mukuwerenga izi muli ndi foni ya intaneti, ndiye kuti kwanu mumamvedwa mukayankhula. Ndinu amene mumatumiza ya feteleza, ndinu amene amakuimbirani kukagwa zovuta. Mukapita kumudzi ulendo uno, jambulani mwana aliyense wa pakhomo panu chithunzi chooneka nkhope, chaka ndi chaka. Gulani matochi awiri enieni ndi wezulo, mtengo wake sufika pa zomwe mumamwa Loweruka limodzi. Kakhaleni pansi ndi amfumu muwafunse kuti, kodi mwana atasowa lero, tingayambire pati? Akakuyankhani mozungulira, dziwani kuti mudzi wanu uli ngati wathu usiku uja.

Mayi wamasiye uja anasamuka, akukhala kwa mwana wake kutali. Palibe anapita kukapepesa. Ine ndinapita patatha miyezi, nditanyamula thumba la chimanga ndi manyazi. Anandilandira, nkundifunsa funso limodzi lokha: mwendo wa mwana uja unapola? Mitengo yopserera ya nkhokwe yake ikadali chiimire kumadzulo kwa mudzi, ndipo mwana wa mlongo wanga amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse popita kusukulu, akutsimphina pang'ono.

Bwalo ndi lanu, nditsutseni momwe mungathere. Koma musanalembe, yankhani kaye mumtima: mwana wa kwanu atasowa madzulo ano, belu aimba ndani?